Classic rock

Classic rock ndi dzina limene limaperekedwa ku nyimbo zakale za rock, makamaka za ku Britain ndi ku America, zimene zinatchuka kuyambira chapakati pa zaka za m'ma 1960 mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Dzinali silinachokere kwa oimba eniake. Linayambira pa wailesi za ku America m'zaka za m'ma 1980, pamene nyumba zina zoulutsira mawu zinayamba kuika nyimbo zakale zokhazokha pofuna kukopa anthu amene anakula akumvera nyimbozo. Magulu amene amatchulidwa kawirikawiri ndi The Beatles, The Rolling Stones, Led Zeppelin, Pink Floyd, Queen, Eagles, Fleetwood Mac, AC/DC ndi Dire Straits.

Nyimbozi zimakondedwa ndi anthu amisinkhu yosiyanasiyana, koma kumaiko a azungu amene amadziwika nazo kwambiri ndi amuna azaka zapakati ndi achikulire. N'chifukwa chake achinyamata ena amazitcha dad rock, kutanthauza nyimbo za abambo. Nyimbo zofatsa za oimba a nthawi yomweyo, monga Elton John, Billy Joel ndi Phil Collins, nthawi zambiri zimaikidwa m'gulu lomweli ngakhale kuti zina mwa izo ndi za pop.

## Chiyambi

Rock inachokera ku nyimbo za rock and roll zimene zinabadwa ku America m'zaka za m'ma 1950. Gwero lake lalikulu ndi nyimbo za anthu akuda a m'dzikolo, monga blues, rhythm and blues ndi nyimbo za m'tchalitchi, zimene zinasakanikirana ndi nyimbo za country za azungu akumidzi. Oimba oyambirira odziwika anali Chuck Berry, Little Richard, Fats Domino, Elvis Presley ndi Buddy Holly.

Zimbale za oimbawa zinafika ku Britain, ndipo anyamata a kumeneko anayamba kugula magitala ndi kutsanzira zimene ankamva. Gulu la The Beatles linapangidwa ku Liverpool mu 1960, ndipo la The Rolling Stones linayamba ku London mu 1962. Dzina la The Rolling Stones linatengedwa ku nyimbo ya Muddy Waters, woimba blues wachikuda wa ku America. Pa 9 February 1964 The Beatles anaimba pa pulogalamu ya wailesi ya kanema ya Ed Sullivan ku New York, ndipo anthu pafupifupi 73 miliyoni anaonera. Kuyambira pamenepo magulu ambiri a ku Britain anatchuka ku America, moti nyimbo zimene zinachoka ku America zinabwererako zitavala chovala china.

## Nthawi ya zimbale zazitali

Poyamba nyimbo zotchuka zinkatuluka pa timbale ting'onoting'ono, ndipo nyimbo imodzi inkatenga mphindi ziwiri kapena zitatu. Chapakati pa zaka za m'ma 1960 zinthu zinasintha. Mu 1965 Bob Dylan anatulutsa "Like a Rolling Stone", nyimbo ya mphindi zoposa 6, ndipo inatchuka ngakhale kuti inali yaitali. Mu 1967 The Beatles anatulutsa chimbale cha Sgt. Pepper's Lonely Hearts Club Band, chimene chinachititsa anthu kuona chimbale chonse ngati ntchito imodzi yoyenera kumvetsera kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Chimbale chachikulu cha nthawi imeneyo chinali ndi mbali ziwiri, ndipo mbali iliyonse inkatenga mphindi pafupifupi 20.

Wailesi za FM, zimene zinali kuchuluka ku America, zinayamba kuika nyimbo zazitali za m'zimbale zoterezi. Nyimbo ya Led Zeppelin ya "Stairway to Heaven", ya mu 1971, ndi ya mphindi pafupifupi 8 ndipo gululo silinaitulutse payokha kuti igulitsidwe, komabe inakhala imodzi mwa nyimbo zoseweredwa kwambiri pa wailesi zimenezi.

Mu August 1969 kunachitika phwando la nyimbo la Woodstock m'chigawo cha New York, kumene kunasonkhana anthu pafupifupi 400,000. Ena mwa amene anaimba anali Jimi Hendrix, Janis Joplin, Santana ndi The Who. Chaka chotsatira Hendrix ndi Joplin anamwalira, onse ali ndi zaka 27, ndipo gulu la The Beatles linatha chaka chomwecho cha 1970.

Zaka za m'ma 1970 ndi zimene zinatulutsa zimbale zambiri zimene lero zimaonedwa ngati msana wa classic rock. Pink Floyd anatulutsa The Dark Side of the Moon mu 1973, Bruce Springsteen anatulutsa Born to Run mu 1975, Eagles anatulutsa Hotel California mu 1976, ndipo Fleetwood Mac anatulutsa Rumours mu 1977. Magulu anasiya kuimba m'maholo ang'onoang'ono n'kuyamba kudzaza mabwalo a masewero.

Mu 1981 wailesi ya kanema ya MTV inayamba kuonetsa makanema a nyimbo usana ndi usiku, ndipo mu 1982 kunabwera ma CD. Chimbale cha Dire Straits cha Brothers in Arms, cha mu 1985, chinali choyamba kugulitsa ma CD okwana 1 miliyoni. Anthu ambiri amene anali ndi zimbale zakale anagulanso nyimbo zomwezo pa CD, ndipo izi zinathandiza kuti nyimbo za m'ma 1960 ndi 1970 zisaiwalike.

## Kaimbidwe ndi zida

Gulu la rock nthawi zambiri limakhala ndi anthu anayi kapena asanu: woimba pakamwa, woimba gitala ya magetsi mmodzi kapena awiri, woimba gitala ya besi ndi woimba ng'oma. Magulu ena amawonjezera piyano, kiyibodi kapena saksofoni. Magitala odziwika kwambiri ndi Gibson Les Paul, imene inayamba kupangidwa mu 1952, ndi Fender Stratocaster ya mu 1954. Brian May wa gulu la Queen ndi wosiyana ndi anzake chifukwa gitala yake anaipanga yekha mothandizana ndi bambo ake ali mnyamata, pogwiritsa ntchito matabwa akale, ndipo ndi imene wakhala akuimbira moyo wake wonse.

Nyimbo zambiri zimamangidwa pa kachigawo kakafupi ka gitala kamene kamabwerezedwabwerezedwa, kotchedwa riff. Chitsanzo chodziwika ndi chiyambi cha "Smoke on the Water" ya Deep Purple, chimene ophunzira gitala ambiri amayambira chifukwa n'chosavuta. Chakumapeto kwa nyimbo woimba pakamwa amakhala chete kwa kanthawi kuti woimba gitala aonetse luso lake payekha. Oimba magitala monga Jimi Hendrix, Eric Clapton, Jimmy Page, David Gilmour ndi Mark Knopfler anatchuka chifukwa cha zimenezi. Knopfler amaimba gitala ya magetsi ndi zala zake osagwiritsa ntchito kapulasitiki kokhwatchira nsambo, ndipo n'chifukwa chake kamvekedwe kake n'kosavuta kukazindikira.

Kusiyana kwina ndi nyimbo zambiri za masiku ano n'kwakuti nyimbozi zinkajambulidwa pa matepi, anthu akuimba zida zenizeni, ndipo magulu ambiri ankapeka okha nyimbo zawo.

## Nyimbo zina zodziwika

- "Smoke on the Water" ya Deep Purple, 1972. Imafotokoza za moto umene unatentha nyumba ya zisangalalo ku Montreux m'dziko la Switzerland mu December 1971, pamene Frank Zappa ankaimba. Gululo linali mu mzindawo kudzajambula chimbale ndipo linaona utsi uli pamwamba pa nyanja ya Geneva.
- "Bohemian Rhapsody" ya Queen, 1975. Ndi ya mphindi pafupifupi 6 ndipo ili ndi chigawo choimbidwa ngati opera. Inakhala pa nambala 1 ku Britain kwa milungu 9, ndipo inabwereranso pa nambala 1 mu 1991 Freddie Mercury atamwalira.
- "Sultans of Swing" ya Dire Straits, 1978. Imanena za kagulu koimba jazz m'malo omwera mowa ku London, kamene kanalibe anthu ambiri okamvetsera.
- "Back in Black" ya AC/DC, 1980. Gulu la ku Australia limeneli linaiimba pokumbukira woimba wawo Bon Scott, amene anamwalira kumayambiriro kwa chakacho.
- "Born in the U.S.A." ya Bruce Springsteen, 1984. Anthu ambiri amaganiza kuti ndi nyimbo yotamanda dziko la America, koma imanena za msilikali amene anabwera kunkhondo ya ku Vietnam n'kupeza kuti palibe ntchito ndipo palibe womulabadira.

## Chifukwa chake amuna azaka zapakati amazikonda

Chifukwa choyamba ndi msinkhu. Akatswiri a za maganizo a anthu anapeza kuti munthu akakula amakumbukira bwino kwambiri zimene zinamuchitikira ali ndi zaka zapakati pa 10 ndi 30, ndipo nyimbo zimene anazimva panthawiyo zimamukhala mumtima kuposa za pambuyo pake. Ndi nthawi imene munthu amapeza anzake apamtima, amayamba chibwenzi, amachoka pakhomo pa makolo ndi kulandira malipiro oyamba. Munthu wobadwa mu 1960 anali ndi zaka 16 pamene Hotel California inkatuluka. Pofika mu 2000 anali ndi zaka 40, ali ndi banja ndi ntchito, ndipo nyimbo yomweyo inkamukumbutsa masiku amene analibe udindo uliwonse.

Chifukwa chachiwiri ndi chiwerengero cha anthu. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, ku America ndi ku Britain kunabadwa ana ambiri. Ku America mbadwo umenewu ndi wa anthu obadwa pakati pa 1946 ndi 1964. Iwo ndi amene anali achinyamata pamene rock inali pachimake, ndipo atakula anakhala ndi ndalama zogulira magalimoto, zimbale ndi matikiti. Amalonda ankafuna kuwafikira anthu amenewa, choncho wailesi zoika nyimbo zawo zinkapeza malonda ambiri otsatsa.

Chifukwa chachitatu ndi zimene nyimbozo zimanena. Ngakhale kuti zambiri ndi za chikondi ndi chisangalalo, zilipo zina zimene zimakhudza nkhawa za munthu wamkulu, monga ntchito yotopetsa, ukwati umene wasokonekera, kutha kwa nthawi, ndi ubale wa bambo ndi mwana wake. "Father and Son" ya Cat Stevens, ya mu 1970, ndi kukambirana kwa bambo ndi mwana amene akufuna kuchoka pakhomo. "Cat's in the Cradle" ya Harry Chapin, ya mu 1974, imanena za bambo amene ankatanganidwa ndi ntchito moti analibe nthawi yocheza ndi mwana wake, ndipo atakalamba anapeza kuti mwanayonso alibe nthawi yocheza naye. "The Living Years" ya Mike and the Mechanics, ya mu 1988, ndi ya mwana amene akudandaula kuti bambo ake anamwalira asanagwirizane. Eric Clapton anaimba "Tears in Heaven" mwana wake wa zaka 4 atamwalira mu 1991. Amuna ambiri analeredwa kuti mwamuna salira pagulu, ndipo nyimbo zoterezi zimawanenera zimene iwo sanganene pakamwa.

Malire a classic rock amasuntha pamene mibadwo ikukula. Munthu wobadwa mu 1975 anali ndi zaka 16 pamene gulu la Nirvana linkatulutsa Nevermind mu 1991. Panthawiyo chimbalechi chinkaonedwa ngati chotsutsana ndi rock yakale, koma lero omvera ake ndi azaka zapakati, ndipo wailesi zambiri za classic rock zimaika nyimbo za Nirvana, U2 ndi Guns N' Roses pamodzi ndi za Led Zeppelin.

## Dzina la dad rock

Mawu akuti dad rock anayamba ngati chipongwe. Ankatanthauza nyimbo za gitala zimene zilibe chachilendo, zoyenera bambo amene akuyendetsa galimoto kapena kuotcha nyama kuseri kwa nyumba. Anafala kwambiri mu 2007, pamene wolemba wina wa Pitchfork anawagwiritsa ntchito ponyoza chimbale cha gulu la Wilco chotchedwa Sky Blue Sky. M'kupita kwa nthawi chipongwecho chinachepa mphamvu, ndipo ambiri tsopano amadzitchula okha monyadira kuti amakonda nyimbo za abambo.

Achinyamata nawonso amazipeza nyimbozi kudzera m'mafilimu, m'masewero a pa kompyuta ndi pa intaneti. Filimu ya Bohemian Rhapsody ya mu 2018, yofotokoza mbiri ya Queen, inaonedwa ndi anthu ochuluka padziko lonse, ndipo Rami Malek anapata mphoto ya Oscar chifukwa chosewera ngati Freddie Mercury. Mu 2020 nyimbo ya Fleetwood Mac ya "Dreams" inatchukanso patatha zaka 43, chifukwa cha kanema wamfupi amene anafala pa TikTok.

## Ndalama

Nyimbo zakalezi zikadali chuma chachikulu chifukwa zimalipiridwa nthawi iliyonse zikaseweredwa pa wailesi, m'filimu, m'malonda otsatsa kapena pa intaneti. Mu 2018 chimbale cha Eagles cha Their Greatest Hits (1971–1975) chinatsimikiziridwa kuti chafika pa makope 38 miliyoni ku America kokha. Oimba ambiri atakalamba anagulitsa umwini wa nyimbo zawo ku makampani akuluakulu. Bob Dylan anagulitsa nyimbo zimene anapeka ku Universal mu 2020, ndipo Bruce Springsteen anagulitsa zake ku Sony mu 2021 pa mtengo wa madola pafupifupi 500 miliyoni. The Rolling Stones anapitiriza kuimba m'mabwalo akuluakulu ngakhale pamene Mick Jagger ndi Keith Richards anali atakwanitsa zaka 80.

## Zimene ena amadzudzula

Chidzudzulo chachikulu n'chakuti wailesi za classic rock zimaika kwambiri nyimbo za amuna achizungu, pamene rock inayambitsidwa ndi anthu akuda. Nyimbo ya "Hound Dog", imene inatchuka ndi Elvis Presley mu 1956, inali itaimbidwa kale ndi mayi wachikuda Big Mama Thornton, amene sanapeze ndalama zambiri pa nyimboyo. Mu 1985 wopeka nyimbo za blues Willie Dixon anasumira Led Zeppelin ponena kuti mawu a "Whole Lotta Love" anatengedwa ku nyimbo yake. Nkhaniyi inathera kunja kwa khoti, ndipo dzina lake linayamba kulembedwa pa nyimboyo.

Amayi nawonso samveka mokwanira, ngakhale kuti panali oimba amphamvu monga Janis Joplin, Tina Turner, Stevie Nicks ndi Christine McVie a Fleetwood Mac, komanso Ann ndi Nancy Wilson a gulu la Heart. Bungwe la Rock and Roll Hall of Fame, limene nyumba yake yosungiramo mbiri ili ku Cleveland, linayamba kulemekeza oimba mu 1986, ndipo oimba onse a chaka choyambacho anali amuna. Aretha Franklin anali mayi woyamba kulemekezedwa, mu 1987.

Ena amadandaula kuti wailesi zimangobwereza nyimbo zochepa zomwezo, moti gulu limene linatulutsa zimbale khumi limadziwika ndi nyimbo ziwiri zokha. Palinso nkhani ya mankhwala ozunguza bongo ndi mowa, zimene zinapha oimba ambiri adakali aang'ono. John Bonham, woimba ng'oma wa Led Zeppelin, anamwalira mu 1980 atamwa mowa wambiri, ndipo gululo linatha chaka chomwecho. Phokoso lalikulu linaononganso makutu a oimba ena. Pete Townshend wa The Who wakhala akuvutika kumva kwa zaka zambiri, ndipo mu 2016 Brian Johnson wa AC/DC analeka ulendo woimba madokotala atamuchenjeza kuti akhoza kugontheratu.

## Ubale ndi Africa

Freddie Mercury anabadwira ku Zanzibar pa 5 September 1946, ndipo dzina lake lobadwa nalo linali Farrokh Bulsara. Banja lake linasamukira ku England mu 1964.

Pa 13 July 1985 kunachitika phwando la Live Aid ku London ndi ku Philadelphia, limene anakonza Bob Geldof ndi Midge Ure pofuna kupeza ndalama zothandizira anthu ovutika ndi njala ku Ethiopia. Queen, U2, Dire Straits, Elton John ndi Paul McCartney anali m'gulu la oimba.

Nyimbozi zinakhudzidwanso ndi ndale za tsankho za ku South Africa. Mu 1980 boma la dzikolo linaletsa nyimbo ya Pink Floyd ya "Another Brick in the Wall" chifukwa ana asukulu ankaiimba ponyanyala maphunziro atsankho. Mu 1984 Queen anadzudzulidwa kwambiri chifukwa chokaimba ku Sun City pamene oimba ambiri ankakana kupita kumeneko. Paul Simon anajambula mbali ya chimbale chake cha Graceland, cha mu 1986, ku Johannesburg pamodzi ndi oimba akuda a m'dzikolo. Mmodzi mwa iwo anali woimba gitala Ray Phiri, amene bambo ake anali ochokera ku Malawi. Ena anamudzudzula Simon kuti waphwanya chiletso cha United Nations, pamene ena anati wathandiza kuti dziko lonse lidziwe oimba monga Ladysmith Black Mambazo. Mu 1987 iye anaimba nyimbo za m'chimbalechi pa bwalo la Rufaro ku Harare pamodzi ndi Miriam Makeba ndi Hugh Masekela. Pa 11 June 1988 Dire Straits ndi Eric Clapton anaimba pa bwalo la Wembley pa phwando lokumbukira zaka 70 za Nelson Mandela, amene panthawiyo anali adakali m'ndende.

Ku Zambia, achinyamata a m'ma 1970 amene ankamvera Jimi Hendrix, The Rolling Stones ndi Deep Purple anasakaniza rock ndi kaimbidwe ka kwawo n'kupanga mtundu wa nyimbo wotchedwa Zamrock. Magulu odziwika anali WITCH, Amanaz, Musi-O-Tunya ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi. Mtsogoleri wa WITCH, Emmanuel Chanda, anapatsidwa dzina loti Jagari chifukwa ankavina ndi kuimba ngati Mick Jagger. Zimbale za magulu amenewa zinatulutsidwanso kunja patatha zaka zambiri, ndipo WITCH inayambiranso kuimba ku Ulaya ndi ku America.

Ku Malawi, m'nthawi ya ulamuliro wa Dr Hastings Kamuzu Banda, amuna sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali ngati la oimba a rock, ndipo alendo ofika ndi tsitsi lotere ankauzidwa kuti amete asanalowe m'dziko. Nyimbo ya Simon and Garfunkel ya "Cecilia", ya mu 1970, inaletsedwa chifukwa dzinali linali lofanana ndi la Mama Cecilia Kadzamira.